Njerwa za Nabanda

Nthawi imene ndikunenayi nkhondo yachiwiri ya azungu ija inali isanayambe, kuno ku Bulawayo, ku Mpopoma kumene ndimagona lero kunali tchire la minga lokhalokha, ndipo ku Nkulumane kwanuko, iwe Tadeyo, kunkadya ng'ombe za eni dziko. Khalani pansi apa pamthunzi, makombi okwera popita kwanu satha, mukawapeza. Mwalembetsa ukwati kwa bambo mfumu, zikomo, koma ine sindingalole mdzukulu wanga kukwatira m'nyumba ya Mulungu imene sakudziwa kuti inamangidwa bwanji. Iwe Sibongile, makoti wanga, monga mumatchulira mpongozi m'Chindebele chanu, sendera kuno. Ndikudziwa kuti Chichewa umachimva ngakhale lilime limakana, ndiye pamene wasochera undikoke malaya. Uyu asakunamize kuti akumasulira, Chichewa chake nchobwereka.

Pamalo pano, apo payima nsanja ya beluyo, panali chisakasa cha mitengo ndi malata akutha, ndipo mwezi wa Okutobala munthu unkatuluka mu Misa malaya atamatirira kumsana. Tinkapemphera mmenemo mitundumitundu, Amandebele, Akalanga, Amashona, anthu a ku Zambezi, ndi ife Amanyasa, amene tinkakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo, poti tinali alendo ndipo nyimbo zawo tinkangozitsatira ndi milomo. Ine ndinkagwira ntchito ku njanji, kutsitsa matumba m'mabogi, mnyamata wamphamvu, osati chikalamba mukuchionachi. Lero inu mukatchula dzina lanu palibe amene amatembenuka, koma ife masiku amenewo ukangotsegula pakamwa pamsika anthu ankadziwa kuti uyu ndi wobwera, ndipo ankakuyankha ndi mphuno.

Kenaka kunabwera Bulazala wina wa ku Jeremani, mmisiri womanga, wamfupi, wa manja akuluakulu, munthu wosadziwa kuseka. Iye sanatisonyeze pepala ayi. Anatenga zikhomo ndi chingwe nayesa pansi pano ife tikuona, ndipo titaona kutalika kwake kuchokera pakhomo apo mpaka kuguwa tinayang'anana, poti nyumba yotere tinkaiona kutauni kokha, kumene munthu wakuda ankaima panja. Ntchito inagawidwa Lamulungu lomwelo. Amandebele anati ife tili ndi ngolo ndi ng'ombe, tibweretsa miyala ya maziko kuchokera kumapiri, ena anatenga za mitengo ya denga, ndipo ife, pofuna kuti ationeko kuti ndife anthu, tinati njerwa zonse zisiyireni Amanyasa. Amene ananena mawuwo anali a Mbewe, mkulu wathu, munthu wa imvi amene anaumba ndi kuotcha njerwa ku mishoni ya kwathu ali mnyamata. Sanatifunse kaye, koma tonse tinaomba m'manja, ndipo ine ndinaomba kuposa onse.

Chaka chomwecho ndi chimene ndinapita kwathu ku Dedza nkubwerako ndi mkazi, agogo ako aakazi, iwe Tadeyo, koma mundilole ndizingoti Nabanda monga ndinkamuitanira. Amalume ake anandivuta miyezi iwiri asanalole kuti ndimutenge, ankati mwana wathu akapita ku Bulawayo ndiye kuti tamuika m'manda ali moyo, ndipo ine ndinalumbira zonse zimene mnyamata amalumbira. Inu simungamvetse, poti lero akazi ali ponseponse, koma masiku amenewo mu lokeshoni muno munali amuna okhaokha, ndipo Mnyasa wokhala ndi mkazi wa kwawo, wa ukwati wa mu tchalitchi, ankawerengeka ndi zala. Ndinkayenda naye popita ku Misa mutu uli m'mwamba. Anali mtsikana wochepa thupi, wosayankhulayankhula, mwana wa mayi woumba mbiya, ndipo Chindebele sankadziwa ngakhale moni.

Dzenje la dothi tinakumba kumunsi uko pafupi ndi kamtsinje, poti madzi anali pomwepo ndipo dothi lake linali lofewa, lakuda, lotuluka bwino m'chikombole. Loweruka masana tikaweruka ku ntchito, ndi masiku ena dzuwa lisanalowe, amuna tinkaponda matope ndi kuumba, akazi ochepawo nkumatunga madzi m'zitini za palafini. Tinkayala njerwa pabwalo, kuzifunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe, kuzitembenuza imodziimodzi, ndipo zitauma tinazisanja uvuni wamkulu wosiya makomo a moto pansi, nkuumata ndi matope kunja konse. Lero ku Cowdray Park mwana amagula thumba limodzi la simenti, kuthiramo mchenga mpaka simentiyo kusowa, nkumati ndaumba njerwa, zoti ukatsamira khoma limakusiyira fumbi pajekete. Ife tinatha miyezi itatu tisanayatse moto.

Tsopano apa mvetsetsani, ndipo iwe makoti usayang'ane pansi, ndinu akuluakulu, mwalembetsa kale. Kwathu chinthu chikakhala pamoto, kaya ndi mbiya, kaya ndi mowa wa maliro, kaya uvuni wa njerwa, anthu ogwira ntchitoyo amadika. Kudika ndiko kuti mwamuna ndi mkazi wake apatukane mphasa mpaka ntchitoyo ithe, poti munthu wochokera kwa mkazi amati ndi wotentha, ndipo akayandikira amachidula chinthucho, monga mmene mwana amatupira makolo ake akamusempha. Tinali Akatolika ndithu, kolona ili m'khosi, koma zimenezi tinachita kuyamwira, ndipo bambo mfumu sankazidziwa, poti akanamva akanatiletsa kulandira tonse. Tsiku loyatsa moto a Mbewe anatisonkhanitsa kuseri kwa uvuni nati, "Amuna inu, masiku asanu ndi limodzi si chaka. Amene akudziwa kuti sangathe anene pano, tim'patse ntchito ya nkhuni kutali uko." Onse anaseka akuyang'ana ine, poti ukwati wanga unali usanakwane ndi miyezi inayi yomwe.

Ine ndinadika, ana inu, ndikunena pano pakhomo pa tchalitchi. Ndinanyamula bulangete langa nkukagona ku komponi kwa anzanga osakwatira. Koma tsiku lachinayi masana nthethe za moto zinandiotchera malaya, ndiye ndinathamangira kunyumba kukasintha, ndipo Nabanda ataona bowo kumsana kwanga anaseka, inenso ndinaseka, ndili pakhomo, mwendo umodzi panja. Anthu awiri a kwathu komwe anadutsa natimva tikuseka. Ndi zokhazo zimene zinachitika.

Uvuni utazizira tinaupasula, njerwa zinatuluka zofiira bwino, ndipo tinaziunjika apo poimika magalimoto lero, tikuyenda mozungulira muluwo manja ali kumbuyo ngati makapitawo. Amandebele anali atatsiriza kale maziko awo. Bulazala anali atatumidwa ku mishoni yakutali kukamanga sukulu, woti sabwera mpaka chaka chinacho, ndiye ntchito inali m'manja mwa a Mbewe. Mvula yoyamba inagwa, yabwino, ya fungo, ndipo patapita masiku atatu njerwa zija zinayamba kutupa. Ina inkang'aluka pakati, ina kuphulika pambali nkusiya dzenje ngati chilonda, ndipo pakati pa chilonda chilichonse panali kaufa koyera. Sabata isanathe mulu wonse unali zibenthu zokhazokha.

Manyazi amene tinawaona sindingawafotokoze. Mndebele wina wa ngolo anatola chibenthu nkuchikweza m'mwamba, nafunsa anzake, "Kanti yizo izitina zamaNyasa lezi?" Wamva iwe makoti, akuti kodi njerwa za Amanyasa zija ndi zimenezi, ndipo usaseke, mwina anali agogo ako. Bambo mfumu anali munthu wa mabuku, dothi sankalidziwa, anangotiuza kuti tisataye mtima, tidzayesenso. Koma a Mbewe anatiitana ife tokhatokha, nkhope ili gwaa.

"Ine ndaotcha njerwa kuyambira ndilibe ndevu," anatero, "ndipo sindinaonepo njerwa yotupa. Chotupa ndi chinthu chodulidwa. Pali munthu sanadike."

Palibe amene anatchula dzina, koma awiri aja anafotokoza za kuseka kuja, ndipo ine ndikulumbira kuti m'nyumba sindinalowe, anthu ankangoyang'ana zala za kumapazi. Ndiye wina anandigwira paphewa nati, "Wolakwa si iwe, mwana iwe. Mkazi wamng'ono akakoka, mwamuna ndani angakane?" Pomwepo mlandu unachoka pa ine nkukagwera Nabanda. Ndikuuzeni zoona, mtima wanga unapepukako pang'ono, ndipo chimenechi ndimachita nacho manyazi mpaka lero.

Akazi anzake, omwe aja ankamuphunzitsa kugula pamsika, anayamba kukhala chete iye akafika pampopi. Mu Misa, kumbali ya akazi, mkeka unkatsala ndi mpata kumanja ndi kumanzere kwake. Ana a mu lokeshoni anam'patsa dzina loti Nanjerwa, nkumamuimbira akadutsa ndi chitini pamutu, munthu amene analibe mbale ndi mmodzi yemwe m'dziko lino kupatula ine. Tsiku lina ndikuchokera ku ntchito ndinam'peza atakhala pakhomo ndi chibenthu cha njerwa m'manja, akukanda kaufa koyera kaja ndi chikhadabo nkumakalawa.

"Aphiri," anatero, "njerwazi sizinadulidwe. Dothi la m'dzenje lanu lija lili ndi timiyala toyera. Amayi akapeza timiyala totere m'dothi la mbiya ankalitaya lonse, poti tikapsa timasanduka ufa, ndipo ufawo ukamwa madzi umafufuma nkuswa mbiya. Ndinatiwona tsiku loyamba lomwe ndikuthira madzi."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndikananena kwa yani? Kwa a Mbewe?"

Ine m'malo momuthokoza ndinamukalipira. Ndinati khala chete, nkhaniyi izizira yokha, kodi ukufuna anthu anenenso kuti ndinabweretsa mkazi wophunzitsa akuluakulu kuotcha njerwa? Mawa lake ndinapeza bokosi lake lachitsulo lili pakati pa nyumba, zovala zake zitapindidwa mkati, ndipo anandiuza osakweza mawu kuti, "Amalume anga sanandipereke kuti ndidzakhale nyimbo ya ana. Ngati simungandiyankhulire, mundiperekeze ku sitima." Ndinam'pempha kuti adikire mwezi uthe, osati poti ndinali ndi nzeru ina iliyonse, ndinkangofuna masiku.

Iye masikuwo sanawataye. Lamulungu lotsiriza la mweziwo, Misa itatha, ife amuna tili kuseri kwa chisakasa kukangana zoti tichite, tinangoona Nabanda akubwera ndi kadengu, nalowa pakati pathu pamene mkazi sankapondapo, nagwada pamaso pa a Mbewe. Anatulutsa timiphika tiwiri tating'ono timene anaumba ndi kuotcha yekha kuseri kwa nyumba ndi ndowe zouma, ine ndili ku njanji osadziwa kanthu. Kamodzi kanali ka dothi la m'dzenje lathu, kali ndi zilonda zoyera ponseponse, kena ka dothi lofiira la pachulu, kosalala bwinobwino.

"Bambo," anatero, "timiphika tonse tiwiri tapsa pamoto umodzi, tsiku limodzi, ndi manja omwewa, ndipo tonse ndatithira madzi. Taonani nokha."

A Mbewe anatitembenuza timiphikato nthawi yaitali, nati, "Mayi, kamphika si uvuni. Timiyala tilipo, inde, koma dothi lililonse lili ndi miyala yake. Chinadzutsa timiyalato nchiyani?"

"Ndiye tiyeni tione, bambo. Mvula ikatha muumbe ndi dothi la pachulu, ine ndikusonyezani loyenera. Ndipo uvuni umenewo ukadzayaka, amuna anga sadzagona ku komponi. Adzagona kunyumba kwawo masiku onse, ndipo mmawa azidzabwera kudzasonkha moto. Njerwa zikadzatupa, mudzandikweze sitima nokha."

Mawu otere, kuchokera kwa mkazi, pamaso pa amuna, Lamulungu, Misa itangotha! A Mbewe sanam'yang'ane iye, anayang'ana ine. "Aphiri, mwawamva akazi anu. Mukuvomereza?"

Ana inu, musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Ine za kudika ndinkazikhulupirira ndi mtima wonse, ndinali nditaonapo mwana wa mlongo wanga atatupa miyendo kumudzi, ndipo ndinkadziwa kuti uvuni wachiwiri ukaonongeka Amanyasa sitidzadzutsanso mutu m'tauni muno, ndipo mkazi ndidzamutaya mpaka kalekale. Koma ndinayang'ana pansi ndipo ndinaona Nabanda ali chigwadire pafumbi, ndipo ndinazindikira kuti wagwada yekha pamenepo chifukwa ine ndinakana kumuimira. Ndinati, "Ndavomera, bambo." Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye, koma anthu anawamva.

Dzinja limenelo linali lalitali. Bokosi lija silinabwerere kusi kwa bedi, linakhala pomwepo pakati pa nyumba, tinkadyerapo, ndipo iye ankangotulutsa chovala chimodzi, kuchapa, kupinda, kubwezera. Amuna ambiri anatisiya, ati sangayandikire uvuni wa chipongwe, ndipo tinatsala ochepa. A Mbewe sanachoke, ndipo apa ndiwalemekeze, anati ndinalonjeza njerwa pamaso pa anthu, ndikhalapo ndione ndi maso anga. Mvula itatha Nabanda anatitsogolera ku chulu chachikulu chimene chinali kumtunda uko, kumene kuli masitolo lero. Ankatapa dothi, kulinyowetsa, kulifikisa pakati pa zala, kuliluma ndi mano akutsogolo, nkunena kuti kumbani apa, apo ayi, ndipo amuna a ndevu tinkakumba pamene walozapo. Madzi anali kutali ndi chuluko, ndipo masabata oyamba ankatunga yekha, mpaka mayi wina Wachindebele woyandikana nafe, amene za kudika kwathu analibe nazo ntchito, anatenga chitini chake nkumutsatira, kenaka enawo anabwera mmodzimmodzi.

Tinayatsa mwezi wa Julaye, kuzizira kwa Bulawayo kuja kolowa m'mafupa, ndi nkhuni za tsanya. Dzuwa likapendeka ine ndinkapukuta manja, kutenga jekete langa, nkuyamba ulendo wa kunyumba anthu onse akundiyang'ana kumsana, ena akuseka, ena akuchita chizindikiro cha mtanda. Sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo, chonsecho ndi apa ndi apo. Za m'nyumba sindikuuzani, iwe Tadeyo tseka pakamwa, koma dziwani kuti mkazi wanga sankachita zinthu mwatheka, ndipo anandiuza kuti tikanama pamenepa ndiye kuti palibe chimene tatsimikiza. Mmawa uliwonse ndinkabwera kudzasonkha moto ndi manja angawa, mtima uli m'mwamba, ndikutchera khutu ngati mkatimo mukuphulika kanthu.

Titapasula uvuniwo mvula inali kutali, ndipo a Mbewe sanafune kudikira. Anasankha okha njerwa, za pansi, za pakati, za pamwamba, naziponya mu mgolo wa madzi, nauvundikira ndi lata, nakhazikapo mwala. Zinakhala mmenemo sabata yathunthu. Lamulungu Misa itatha anthu anazungulira mgolowo, ngakhale aja anatithawa, ndipo mkuluyo anapinda manja a malaya, natulutsa ziwiri, naziyang'ana mbali zonse, nazigundanitsa. Ngwee! Anatulutsa zina, ngwee! Mpaka mgolo unatha, popanda ndi imodzi yomwe ya chilonda.

Nabanda panalibe, anali atapita kunyumba Misa itangotha, ati sangaime pamenepo kumaonerera. A Mbewe ananyamula njerwa imodzi, nadutsa nayo mu lokeshoni monse ife tikutsatira, nafika pakhomo pathu, nakhala pansi pafumbi, munthu wa imvi, naiika njerwayo patsogolo pa mtsikana, naomba m'manja mwaulemu. "Mayi, tinakulakwirani. Dothi mumalidziwa ndinu." Iye anagwada nati, "Zikomo, bambo," basi, nalowa m'nyumba, ndipo ndinamumva akulira kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi. Madzulo ake anandiuza kuti ndikankhire bokosi lija kusi kwa bedi. Ine chimwemwe cha tsiku limenelo sindinachionenso, ngakhale tsiku lodalitsa tchalitchi chomwe. Koma musaganize kuti a Mbewe anasiya kudika ayi. Uvuni uliwonse wotsatira iwo ankanyamula bulangete lawo, ankati za ana amakono nzawo.

Bulazala atabwera anaswa njerwa imodzi ndi nyundo, nayang'ana mkati mwake, nati m'Chilapalapa, chiyankhulo cha azungu pantchito, "Mushe sitereki! Ubani yena khetha lo daka?" Kufunsa kuti dothi labwino chotere anasankha ndani. Ine ndinaloza mkazi wanga ndi dzanja lonse, ndipo mzungu wosaseka uja anavula chipewa. Kuyambira tsiku limenelo palibe ngolo ya dothi imene inatsitsidwa pano Nabanda asanailume.

Tsopano kwezani maso muone. Miyala yotuwa iyo yofika m'maondo ndi ya anthu akwanu, makoti, ndipo ndiwapatse ulemu wawo, palibe umodzi umene unasunthapo. Kuchokera pamenepo kupita kumwamba ndi dothi la Nabanda. Khomalo nlochindikala njerwa zitatu, nchifukwa chake mkatimo mumazizira ngakhale mu Okutobala, ndipo mizati yotulukira kunjayo, pakati pa zenera ndi zenera, ndi imene imachirikiza khoma kuti denga lisalikankhe. Mazenera Bulazala anawaika m'mwamba kuti mpweya wotentha uzitulukirako, ndipo mitu yake yokhota ngati utayo ilibe chitsulo ndi chimodzi chomwe, ndi njerwa zokhazokha zotsamirana. Tinkaziyala pa thabwa lokhota nkulichotsa zikauma, ndipo tsiku lochotsa loyamba tonse tinathawira kutali, Bulazala yekha anatsala pomwepo akusuta kaliwo wake. Mtanda wakuda uwo pamwamba pa khomo si penti ayi, ndi njerwa za pafupi ndi moto zimene zinapsa mopitirira, a Mbewe anakana kuti zitayidwe. Nsanjayo tinamanga pomaliza, titagwetsa chisakasa, ndipo belu tinalikweza ndi zingwe, mitundu yonse chingwe chimodzi, palibenso wa kumbuyo. Zibenthu za uvuni woyamba zija tinazisinja nkuzithira pansi tisanaike simenti, ndiye mukadzagwada tsiku la ukwati wanu mudzagwada pamenepo. Phiko ilo la kumanzere analiwonjezera zaka za pambuyo pake ndi njerwa za ku fakitale, taonani momwe lasuwira kale.

Koma ndadumphira patsogolo. Khoma litafika m'mazenera, mvula ya chaka chinacho ikutha, Nabanda anachira, mwana wamwamuna. Akazi a pampopi aja anawerenga miyezi ndi zala, kubwerera m'mbuyo mpaka kukafika mu Julaye, ndipo lokeshoni yonse inaseka, koma tsopano kunali kuseka kwina. Iye anapempha bambo mfumu kuti mwanayo abatizidwe mkati mwa makoma atsopano ngakhale denga kunalibe, ndipo iwo anavomera osadziwa chifukwa chake. Tinaimirira pakati pa milu ya mchenga, kumwamba kuli mitambo yokhayokha, a Mbewe atanyamula khandalo, poti anachita kupempha okha kuti akhale bambo wake wa ubatizo, ndipo ameneyo ndiye munthu woyamba kuthiridwa madzi m'tchalitchi chino. Iwe Tadeyo, watong'oleranji maso? Eya, ndi bambo ako. Ukawafunse chifukwa chake anzanga ankawaitana kuti Uvuni mpaka atamera ndevu.

Agogo ako anagona chaka chija cha chilala, ndipo maliro awo anatulukira pakhomo ilo. Tinakhala zaka zonsezo, sanandikumbutsepo nkhaniyi ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo ine ndimanyada nawo kuposa mmene ndimanyadira nsanjayi. Koma ndimadziwa mumtima mwanga kuti masabata aja anthu ankawatonza ine ndinali chete, ndipo anachita kugwada okha pakati pa amuna kuti ine ndipeze pakamwa. Ndiye iwe makoti, uyu akadzachedwa ngati ine usadzathamangire ku sitima, amuna a mtundu wathu timamva, kungoti timamva mochedwa. Koma iwe mdzukulu wanga, usadzachedwe. Anthu adzanena za mkazi wakoyu, ena adzakhala a kwathu komwe, adzati ndi Mndebele, adzati chakutichakuti, ndipo iwe udzafuna kuti nkhani izizire yokha. Udzayankhule tsiku loyamba lomwelo, iye ali pomwepo akumva.